DIMA KAPENA THANGATA: KODI CHISONI NCHA YANI?

Masiku ano kwabwera mankhwala ena a mtima wosweka, ndipo mankhwala ake ndi kope, pensulo ndi utoto. Munthu amene waferedwa, kapena amene waona zoopsa, amapatsidwa kope kuti tsiku ndi tsiku azilembamo ndi kujambulamo zimene zikumsautsa. Nthawi zina anthu otere amasonkhanitsidwa pansi pa mtengo, m'kalasi kapena m'tchalitchi kuti ajambule, aumbe, aimbe ndi kuchita zisudzo pamodzi, kenaka nkukambirana zimene apangazo. Amene amabwera ndi zimenezi, kawirikawiri a mabungwe ndi ophunzira a sukulu zaukachenjede monga ifeyo, amati luso limachiza maganizo. Kuti luso lingathe kuthandiza ndikuvomera, ndipo umboni wake ndiupereka m'munsimu. Funso langa ndi lina. Kodi nkoyenera kupempha munthu wachisoni kuti atulutse chisoni chake papepala? Ndipo chikatuluka chimakhala cha yani: cha mwini wake, cha mudzi, kapena cha uja adabwera ndi pepalalo?

Funso lotere silikambika bwino likakhala m'malere, choncho tiyeni tiliike pansi pa dera limodzi. Milonde ndi dera la m'boma la Mulanje, kum'mwera kwa phiri, kufupi ndi mtsinje wa Ruo umene uli malire athu ndi Mozambique. Anthu ake ambiri ndi Alomwe. Amalima chimanga, chinangwa ndi nandolo, ndipo ambiri amakathyola tiyi m'maesiteti. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy, amene adatha masiku 36 asadazime, nthawi imene namondwe wina ali yense wolembedwa m'mabuku sadaifikepo, adagwetsa mvula yosalekeza pa maboma a kum'mwera. Mapiri adagumuka, mitsinje idasiya njira zake, ndipo Mulanje ndi Phalombe adali m'gulu la maboma amene adapwetekeka koposa. Akuluakulu a boma adawerenga anthu oposa 600 amene adatsimikizika kuti afa, ena oposa 500 amene sadaoneke konse, ndi oposa 600,000 amene adasiya nyumba zao nkukakhala m'misasa, m'masukulu ndi m'matchalitchi.

Chiwerengero chachiwiri chija, cha anthu osapezeka, ndicho phata la nkhani yathu. Napolo si mlendo kuno: adatsika pa phiri la Zomba mu Disembala 1946, adatsikanso pa Michesi ku Phalombe mu Marichi 1991 nkupha anthu mazanamazana. Nthawi zonse akadutsa amasiya mabanja amene ali ndi maliro koma alibe mtembo, alibe manda oti nkudzalozera ana. Tiyerekeze tsono mai wina wa ku Milonde amene mwana wake adatengedwa ndi madzi usiku wa namondwe. Sindikunena munthu mmodzi wodziwika. Ndikunena ali yense mwa amai ambiri amene zoterezi zidawagwera. Papita miyezi ingapo, ndipo kwabwera anyamata ndi atsikana aulemu ndithu, atanyamula makope ndi mapensulo amitundumitundu, akuti, "Amai, jambulani zimene mukukumbukira." Kodi achita bwino? Pali mayankho awiri amene amamveka kawirikawiri, ndipo liri lonse liri ndi choona chake.

Yankho loyamba ndi la akuluakulu. Iwo amati chisoni ncha mudzi, ndipo mudzi udadziwa kale kuchisenza kope lisadabwere. Kukagwa maliro munthu salira yekha. Mfumu imauzidwa, uthenga umapita kwa abale, amai amabwera ndi ufa ndi nkhuni, amuna amachezera panja pa siwa, adzukulu amakumba manda, a mpingo amaimba mpaka tambala. Wofedwa sapempha kanthu. Amangokhala pamphasa, anzake nkumamgwira. Pambuyo pake pali kumeta, pali sadaka, pali kumanga chiliza, ndipo chiri chonse mwa izi chimauza wofedwayo pamene wafika pa ulendo wake. Amene amayesa kuti Amalawi adayamba kusamala za maganizo a munthu tsiku limene bungwe loyamba lidatsegula ofesi ku Lilongwe sadagonepo pamaliro. Akale adati kali kokha nkanyama, tiri tiwiri ntianthu, ndipo pamaliro mwambi umenewu umaoneka ndi maso.

Ndiponso luso ndi chisoni sizidatalikiranepo kwathu kuno. Mtondo udali kope la amai. Mkazi amene mwamuna wake adapita ku Joni kapena ku Halale osalemba kalata, kapena amene apongozi ake akumzunza, ankaika dandaulo lake m'nyimbo, musi nkumagunda, anzake nkumavomera, mudzi wonse nkumamva. Leroy Vail ndi Landeg White, m'buku lao la 1991 lotchedwa Power and the Praise Poem, adaonetsa kuti m'maiko a kuno kum'mwera kwa Afirika mudali lamulo losalembedwa lakuti zonenedwa m'nyimbo sizipalamula mlandu, ngakhale zikhale zoti munthu sangazinene pakamwa pokha. Kumpoto gule wa Vimbuza amapatsa wodwala ng'oma ndi bwalo kuti mavuto ake avinidwe poyera. Alomwe ali ndi Tchopa, amene UNESCO idamlemba mu 2014 m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, gule wovinidwa pokondwerera zokolola komanso popereka nsembe kwa mizimu kukagwa chilala kapena mliri. Tsono wobwera ndi makrayoni ku Milonde asayese kuti wabweretsa moto kwa anthu odya zaziwisi.

Komabe yankho la akuluakulu liri ndi malire, ndipo tisachite manyazi kuwatchula. Choyamba, mwambo wa maliro udakonzedwera nyumba imodzi yofedwa pakati pa nyumba zambiri zosafedwa. Nanga mudzi wonse ukafedwa usiku umodzi, mfumu nayo iri pamsasa, adzukulu nao akufufuza ana ao m'matope, agwira mnzake ndani? Chachiwiri, mwambo uli ndi kalendala yake pamene mtima ulibe. Tsitsi likamera anthu amayembekeza kuti walimba, ndipo ukapitiriza kulira amayamba kunong'onezana. Mwamuna ndiye sapatsidwa ngakhale masiku amenewo, popeza adamuuza ali mwana kuti mwamuna salira. Chachitatu, pali zinthu zimene bwalo silingazimve popanda kuziweruza. Mai uja mwina akudziwa kuti dzanja la mwana lidapulumuka m'dzanja lake pamene ankagwira nthambi. Mwina wakwiyira mwamuna wake amene adakana kusamuka. Mwina wakwiyira Mulungu. Akanena zimenezi pagulu, mawa zidzakhala pachitsime, ndipo mkuja wina adzatchula ufiti. Chachinai, mtondo womwewo udagonja kwa chigayo, ndipo pachigayo munthu samva ngakhale mau ake omwe.

Apa ndi pamene pamalowera yankho lachiwiri, la ophunzira, lakuti chisoni ncha mwini wake, ndipo kope ndi malo amene angachiike popanda woweruza. Ganizo limeneli liri ndi mbiri yake. Mmisiri wojambula wa ku England, Adrian Hill, adagonekedwa m'chipatala cha odwala chifuwa chachikulu kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo adaona kuti kujambula kukumchotsa maganizo pa matenda. Adayamba kuphunzitsa odwala anzake, ndipo mu 1945 adatulutsa buku lotchedwa Art Versus Illness. Mu 1986 James Pennebaker ndi Sandra Beall, ku Texas, adafalitsa zotsatira za kafukufuku amene adapempha ophunzira a pa yunivesite kuti alembe mphindi 15 patsiku kwa masiku 4 otsatizana. Ena adalemba za zinthu wamba, ena za chinthu chowawa koposa chimene chidawachitikira pamodzi ndi m'mene adamvera mumtima. A gulu lachiwirili ankatuluka m'chipindamo ali okhumudwa kuposa anzao, koma pa miyezi 6 yotsatira adapita kuchipatala mocheperapo. Mu 2019 bungwe la World Health Organization lidatulutsa lipoti, lolembedwa ndi Daisy Fancourt ndi Saoirse Finn, losanthula zolembedwa zoposa 900 za luso ndi umoyo, ndipo lidapeza kuti luso liri ndi gawo popewa ndi pochepetsa matenda, a m'maganizo omwe.

Kodi pepala limachita chiani kwenikweni? Agiriki adakanganapo za funso lofanana ndi limeneli. Plato ankaopa kuti ndakatulo ndi zisudzo zimathirira chisoni ngati mbeu mpaka chikule kuposa nzeru, pamene wophunzira wake Aristotle adati kuonera zomvetsa chisoni kumatsuka mtima. Ine ndikuona chonchi. Chisoni chimene chiri m'mutu chiribe m'mphepete. Chimabwera pamene chafunira, usiku, kumunda, kapena mvula ikangoyamba kugunda pamalata. Chikaikidwa papepala chimakhala ndi poyambira ndi pothera. Munthu atha kuchiyang'ana, kuchitembenuza, kuchitseka nkupita kukaphika, ndipo tsopano ndi iye amene akusankha nthawi yokumana nacho. Kujambula kuli ndi mwai winanso kwa ife, wakuti sikufunsa ngati munthu adapita kusukulu. Agogo amene sadziwa kulemba dzina lao amadziwa kukongoletsa chipupa ndi dothi lamitundu, kuumba mbiya ndi kuluka nkeka. Makolo amene adajambula pa miyala ya ku Chongoni ku Dedza sadadikire pensulo.

Koma nalonso yankho limeneli lisatitenge mtima msanga. Amene adabwereza ntchito ya Pennebaker kambirimbiri adapeza kuti phindu lake, ukaphatikiza onse, ndi laling'ono, ndipo si onse amene amapindula. Choopsa kwambiri nchakuti kutulutsa chisoni mokakamizidwa kungathe kuvulaza. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 kudafala mchitidwe wokhazika pansi anthu opulumuka pangozi, masiku ochepa ngoziyo itachitika, kuti afotokoze zonse pa msonkhano umodzi wokha. Atauyesa mosamala mchitidwewo, madokotala adapeza kuti suteteza munthu ku matenda a maganizo obwera pambuyo pa zoopsa, ndipo ena udawaonjezera mavuto. World Health Organization imalangiza kuti usachitike. Chilonda chimatsukidwa ndi munthu amene abwerenso mawa kudzachimanga. Wochitsegula Lachiwiri nkukwera galimoto Lachitatu wachisiyira ntchentche. Ena amafunsanso kuti kodi munthu wanjala angadye chithunzi? Akunena zoona, thumba la ufa liyambe kufika. Koma amene adaonapo munthu ali ndi ufa m'nyumba, osadzuka kukasonkha moto, akudziwa kuti ufa wokha sutsiriza nkhani.

Palinso vuto la chinsinsi. Kope lachinsinsi lidabadwira m'nyumba za zipinda zambiri ndi madirowa okhoma. Frida Kahlo wa ku Mexico, amene kope lake la zithunzi ndi mau la zaka 10 zomaliza za moyo wake lidasindikizidwa mu 1995, adali ndi nyumba yake ndi chipinda chake chojambuliramo. Nanga mai wa ku Milonde akalibisa kuti kope m'nyumba ya chipinda chimodzi, kapena m'tenti ya mabanja angapo? Mwana wa Sitandade 6 aliwerenga, mwamuna alipeza pansi pa mphasa. Ife a pa koleji sitifunika kuphunzitsidwa kuti pepala limatha kupereka mwini wake. Pansi pa lamulo losefa mabuku la 1968 olemba a m'dziko muno adaphunzira kubisa tanthauzo m'mafanizo, ndipo Jack Mapanje, amene adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira Seputembala 1987 mpaka Meyi 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndakatulo zambiri adazisunga m'mutu. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, adatero akale. Kope ndi bwato lofikira tsidya limenelo, ndipo bwato silisankha wokwera.

Mayankho awiriwa akukangana za mudzi ndi munthu, koma onse aiwala munthu wachitatu amene ali pabwalopo, uja wabwera ndi makope. Kuti timuone bwino, tikumbuke liu limodzi limene anthu a ku Mulanje amalidziwa kuposa ife tonse. Kuthangata ndi kuthandiza, ndipo palibe liu lokoma kuposa limeneli. Koma Alomwe atayamba kuoloka malire mwaunyinji kuyambira m'zaka za m'ma 1890, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, msonkho ndi njala, adapeza malo ambiri achonde a ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu ali m'manja mwa Azungu a maesiteti. Adaloledwa kumanga ndi kulima, koma lendi yake idali ntchito m'munda wa mwini malo, kawirikawiri pa nthawi ya dzinja yomweyo imene minda yao inkafuna khasu. Ntchito imeneyo idatchedwa thangata. Idali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe adaukira atsamunda mu Januwale 1915, ndipo idathetsedwa ndi lamulo mu 1962. Phunziro lake ndi lakuti chinthu chikhoza kusunga dzina la chithandizo chitasanduka kale msonkho.

Tsono taonani m'mene msonkhano wa zaluso ungasandukire thangata popanda wina kufuna zoipa. Bungwe lalandira ndalama kunja, ndipo eni ndalamazo akufuna lipoti. Lipoti likufuna zithunzi, ndipo chojambula cha mwana choonetsa nyumba ikukokoloka chimatsegula matumba kuposa chojambula cha mbuzi. Anthu a pamsasa nao si opusa: aona kuti obwera ndi makope ndi omwewo, kapena abale ao a obwera ndi ufa, sopo ndi malata, ndipo palibe afuna kuoneka wamwano. Motero mai uja amajambula madzi, popeza waona kuti alendo akufuna madzi. Pomaliza mapepala amasonkhanitsidwa, amatoledwa ndi foni, ndipo mawa ali pa Facebook ndi pakhoma la hotela ina mumzinda. Chisoni chakhala lendi. Mbiri ikutichenjeza pamenepa. Hans Prinzhorn, dokotala wa ku Heidelberg ku Germany, adasonkhanitsa zojambula pafupifupi 5,000 za odwala misala nkulemba buku lozilemekeza mu 1922. Koma mu 1938 a chipani cha Nazi adatenga zina mwa zomwezo nkuziika pa chionetsero chonyoza, ndipo ena mwa ojambulawo adaphedwa ndi boma lomwelo. Chithunzi chikachoka m'manja mwa mwini wake, cholinga chabwino cha wochitenga sichichiperekeza.

Tisaloze chala mabungwe okha. Ife amene timalemba ndakatulo, nthano ndi zisudzo, ndi amene timapita kumidzi ndi mafunso a kafukufuku wa digiri, timadya m'mbale yomweyo. Napolo akadutsa, ndakatulo zimamera pa koleji ngati bowa. Sindikuti nkulakwa kulemba za tsoka la dziko. Wolemba amene angakhale chete anthu mazanamazana atakwiririka ndiye wolakwa koposa. Steve Chimombo adayenda ndi Napolo zaka zambiri m'zolemba zake posinkhasinkha za dziko lino, ndipo tonse tidapindula. Koma kulemba za tsoka la tonse nkosiyana ndi kutenga mau amene mai wina adakuuza akulira, iwe nkuomberedwa nao m'manja pabwalo la olemba, iye osadziwa ngakhale mutu wa ndakatuloyo. Kuchotsa dzina lake sikuthetsa ngongole, pakuti chimene adakupatsa sichidali dzina.

Yankho langa tsono ndi ili. Chisoni chiri ngati munda. Munda uli ndi mwini wake, koma chaka cha matenda mwiniyo sangaulime yekha. Makolo adali ndi njira yake, imene ndi dima. Mwini munda ndiye amaitana, ndiye amanena tsiku, ndiye amaloza pamene khasu liyambire ndi pamene lilekezere. Anzake amabwera ndi makasu ao, amalima akuimba, amamwa thobwa kapena mowa, nkubwerera kwao. Chimanga chikacha chimalowa m'nkhokwe ya mwini munda. Ndipo amene walimiridwa lero adzalimira mnzake mawa, kotero palibe amene amakhala wolandira mpaka kalekale. Pa thangata zonsezi zidatembenuka: woitana ndi wina, tsiku ndi la wina, nkhokwe ndi ya wina. Khasu ndi lomwelo, thukuta ndi lomwelo, ngakhale nyimbo zikhoza kukhala zomwezo. Akuluakulu anena zoona kuti mutu umodzi susenza denga lotere, ndipo ophunzira anena zoona kuti dengalo liri ndi mwini. Dima limasunga zoona ziwirizi pamodzi. Choncho kupempha munthu wachisoni kuti ajambule nkoyenera pokhapokha ngati ntchitoyo iri ya dima.

Kodi tingaizindikire bwanji? Ndipereka zizindikiro zinai. Choyamba, munthu akhale ndi ufulu wokana, ndipo kukanako kusamtayitse kanthu. Choncho makope asabwere tsiku limodzi kapena m'galimoto imodzi ndi ufa. Chachiwiri, mutu wa chojambula ausankhe yekha. Akafuna kujambula nkhuku zake miyezi itatu, ajambule nkhuku; mwina madzi adzabwera mwezi wachinai, mwina sadzabwera, ndipo zonsezo nzake. Wotsogolera asamasulire chithunzi cha munthu ngati woombeza ula. Afunse, ndipo akayankhidwa kuti "palibe," alandire. Chachitatu, pepala lipite ndi mwini wake. Akafuna alisunge, akafuna aling'ambe, aliotche kapena aliponye mu Ruo, pakuti phindu lidali m'kujambulako. Wofuna kulionetsa kwina apemphe tsiku lina, afotokoze kumene likupita ndi amene akalione, ndipo "ai" wa mawa afafanize "inde" wa lero. Chachinai, pakhale wotsala. Otsogolera akhale anthu a konko, aphunzitsi, amai a Mvano, alangizi a zaumoyo, amene adzakhalapobe galimoto itapita, ndipo nao akhale pamphasa ndi makope ao, pakuti pa dima palibe kapitao.

Wina anditsutsa kuti ufulu wokhala chete udzasiya kunja anthu amene akufunika thandizo koposa, makamaka amuna, amene amakhala chete mpaka tsiku limene timamva kuti adzichotsera moyo. Chitsutso chimenechi ncholemera ndithu. Koma munthu wodzitsekera m'nyumba satulutsidwa pophwanya chitseko. Chimene chimamkoka ndi kuona kuti anzake amene adapita kubwalo sadavulale, ndi kuti zimene adanena sizidafike pachitsime. Ndiponso manja otanganidwa amamasula lilime: amuna amene sangayang'anane m'maso nkunena zakumtima amatha kuzinena akusema mpini, akuluka dengu kapena akusewera bawo. Ku Zimbabwe dokotala Dixon Chibanda adaphunzitsa agogo aakazi a ku Harare kukhala pabenchi kunja kwa chipatala nkumamvetsera anthu odwala chimene Ashona amati kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 adaonetsa kuti amene adakhala pabenchipo maulendo 6 adapeza bwino kuposa amene adalandira chisamaliro cha masiku onse. Agogowo adaphunzitsidwanso kuzindikira munthu amene benchi silingamkwanire. Chimodzimodzi wotsogolera makope: munthu amene wasiya kudya ndi kugona, amene akumva mau a anthu osaoneka, kapena amene akulankhula zodzipha, afunika kuperekezedwa kuchipatala, ku Mulanje kapena ku Zomba Mental Hospital, ndipo kumsunga pa makrayoni ndi kumlakwira.

Chitsanzo cha njira yabwino tiri nacho m'nyumba mwathu momwe. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre la Chancellor College lidayamba ndi kunyamula masewero okonzedwa kale kupita nao kumidzi. Kuyambira pa ntchito ya ku Mbalachanda ku Mzimba mu 1981, ndi ya zaumoyo ya ku Liwonde pakati pa zaka za m'ma 1980, aphunzitsi monga Chris Kamlongera ndi David Kerr adaonetsa kuti sewero limagwira ntchito anthu a m'mudzi akalipanga okha, ndi nyimbo zao ndi mavuto amene asankha okha, ophunzira nkukhala ongothandiza. Pambuyo pake bungwe la Art and Global Health Center Africa la ku Zomba lidagwiritsanso ntchito zaluso pokambirana ndi achinyamata nkhani za Edzi ndi umoyo. Njira tsono iripo. Chofunika ndi kuikumbukira makamaka pamene chimene tikugwira ndi chisoni cha munthu mmodzi, chimene nchosachedwa kusweka kuposa nkhani ya chitsime kapena chimbudzi.

Kope palokha liribe mlandu. Ndi khasu chabe, ndipo kwa anthu amene mvula yamphamvu ya usiku siiwagonetsanso tulo, khasu lotere lingathe kulima pamene mtondo ndi mwambo wa maliro sizidafike. Amene mwa ife adzalinyamule kupita nalo ku Milonde, pa tchuthi kapena pa ntchito, adzifunse mafunso atatu asadatsike galimoto: wandiitana ndani, ndidzabweranso liti, ndipo zokolola zikalowa m'nkhokwe ya yani? Amene alibe mayankho a mafunso amenewa achite zimene mlendo waulemu amachita pamaliro: apereke chipepeso chake, akhale pansi ndi anzake, atseke pakamwa.